Mzere Wofiira pa Jeke ya Kapembwa

Chitseko chinayambanso kukhula pansi Lachiwiri m'mawa, mvula ya Januwale itagwa masiku atatu osapuma. Felistus anachikoka ndi manja awiri, chinatseguka theka n'kuima. Sanadandaule. Anaika pansi chikwama cha salaula, zovala za kaunjika, chimene ankapita nacho ku msika wa Soweto, n'kubwerera m'chipinda chochezera.

Pafupi ndi chitsekocho panali mzati wa bulugamu wochirikiza mtanda wa denga umene unang'aluka kale. Tsinde la mzatiwo linali lokutidwa ndi chitenge chamaluwa, ndipo alendo ambiri ankayesa kuti ndi zokongoletsa chabe. Felistus anagwada n'kumasula chitengecho. M'kati mwake munali jeke ya lole, yakuda, yolemera ngati mwana wa zaka zisanu, itakhala pa buloko ya simenti. Inali yachikale, ya sikuluwu. Ukalowetsa handulo yachitsulo m'bowo la pambali n'kupukusa, mutu wake unkakwera pang'onopang'ono, mzere umodzi pa kuzungulira kumodzi, n'kunyamula chilichonse chimene chaikidwa pamwamba pake.

Ku Kanyama, komboni imene ankakhala, madzi sachokera kumwamba kokha. Pansi pali thanthwe, ndiye mvula ikagwa madzi amasowa kolowera, amatumphuka m'mabwalo, m'misewu, ngakhale kunsi kwa simenti ya m'nyumba. Chaka chilichonse buloko ija inkamira pang'ono, mzati n'kutsika, mtanda n'kupanikiza felemu ya chitseko. Chitseko chikayamba kukhula pansi, Felistus ankadziwa kuti nthawi yopukusa yakwana.

Analowetsa handulo n'kukoka. Malata analira, ndipo miyala yotsendera denga inagwedera pamwamba. Anachotsa handuloyo, n'kuilowetsa m'bowo lina, n'kukokanso. Atazungulira kamodzi kathunthu anatambasula mwendo n'kukankha chitseko ndi chala. Chinayenda bwinobwino. Anatenga kansanza kuti apukute girisi wakale pa sikuluwu, ndipo dzanja lake linaima.

Mzere umene unali utangotuluka kumene unali wofiira.

Anauyang'ana nthawi yaitali. Kufiira kwake kunali kusanazilale, chifukwa zaka zinayi zonse unali wobisika m'mimba mwa jeke, kumene dzuwa ndi fumbi sizifika.

Mtanda uja unang'aluka Lamlungu lina, mawa lake mwamuna wa Felistus, Kapembwa, akunyamuka ndi lole kupita ku malire a Kasumbalesa. Nthawi yofuna mmisiri panalibe. Kapembwa anatulutsa jeke yake, imene anasiyiridwa ndi amalume ake amene anamuphunzitsa kuyendetsa malole, ndipo anadula mzati wa bulugamu. Asanaiike pansi pa mzatiwo anaipukusa mpaka sikuluwu inatuluka kwambiri, anatenga pawindo kabotolo ka kyutekisi wofiira amene mkazi wake ankapaka m'zikhadabo, n'kupaka mzere wa khumi ndi chinayi.

"Apa ndiye pothera," anatero. "Ukapitirira apa, sikuluwu izachoka, denga lizakugwera. Koma suzafikako. Ningachedwe bwanji? Nizabwera na mtanda wolimba wa mtengo wa mukwa kuchoka ku migodi, ku Kopala."

Kenako anamugwadika pambali pake, anaika dzanja lake pamwamba pa la Felistus, n'kupukusa naye limodzi. Dzanjalo linali lofunda, likununkha dizilo ndi sopo wochapira.

"Waona? Jeke siifuna mphamvu, ifuna mtima. Iwe zungulira chabe pamene uli, yeve izakwera yekha."

Ulendo umenewo Kapembwa anabwerako, koma wopanda mtanda. Ulendo wachiwiri anagona masiku awiri okha. Wachitatu anaimba foni kuti kampani yamusamutsira ku Chililabombwe. Mafoni anayamba kutalikirana ngati madontho a mvula ikamakata, ndipo chaka chisanathe Kanyama yonse inali itadziwa kuti kumeneko kuli mkazi wina wogulitsa nsomba zouma. Mwana wawo Luse anamaliza sukulu, n'kupita kukaphunzira unamwino ku Chipata, atate ake osaonekera. Koma Kapembwa sananenepo kuti ukwati watha, ndipo jeke yake sanaiitanitse. Dalaivala sasiya jeke kumene sadzabwererako. Mfundo imeneyi Felistus sanauzepo munthu, koma ndi imene ankagona nayo.

"Odi kuno. Nakupeza wagwada futi? Ku tchalitchi sugwada so."

Anali Ba Betty, a nyumba yoyandikana nayo, atavala majombo a amuna awo, ndowa ya zitumbuwa ili pamutu. Anali mayi wamkulu thupi ndi mawu omwe, ndipo jekeyo ankaitchula kuti bamuna ba Felistus.

"Chitseko chinakana, Ba Betty."

"Mwamuna wabwino uyu, mwandi. Samwa, sayenda, safunsa ndiwo. Girisi chabe, anyamula nyumba yonse. Nikanaziba, naine nikanakwatiwa na jeke."

Felistus sanaseke. Analoza mzere uja. Ba Betty anatula ndowa, anawerama, ndipo nkhope yawo inasintha, chifukwa nkhani ya kyutekisi ankaidziwa.

"Ndiye wafika."

"Nafika."

"Manje uzachita bwanji? Ba Hillary owotcherera zitsulo bakuuza kangati kuti baikepo paipi ya chitsulo?"

"Madzi saiwala khwawa, Ba Betty."

"Madzi ya mu Kanyama ndiye siyaiwala. Chaka chilichonse yabwera, na nambala ya nyumba yaiziba. Koma uja wako ni madzi ya mu botolo, anamwa wina."

Felistus anamangirira chitenge pa jeke, n'kukonza mfundo kuti maluwa aonekere kutsogolo. Ba Betty anamusiyira zitumbuwa ziwiri pa tebulo, n'kutuluka.

Masana a tsiku lomwelo, ali pa benchi yake ku Soweto akutambasula madiresi, foni inalira. Anali Chansa, mlongo wake wa Kapembwa, amene ankakhala ku Chilenje ndipo anali asanaponde ku Kanyama chimwalirireni apongozi.

"Mulamu, muzapezeka pa nyumba Lachinayi? Nili na uthenga wa Ba Kapembwa. Si wa pa foni."

Felistus anayankha kuti adzapezeka. Mayi wina amene ankafuna diresi yabuluu anafunsa mtengo katatu asanamuyankhe.

Felistus sanali munthu wokhulupirira maloto kapena zizindikiro. Ankaseka azimayi amene amapita ndi zithunzi za amuna awo kwa aneneri. Koma mzere wofiira m'mawa, uthenga masana, tsiku limodzi lomwelo: ngakhale munthu wanzeru zake amayamba kuwerengera. Lachitatu anachapa makatani ngakhale kunalibe dzuwa lowaumitsa. Anakolopa simenti kawiri. Pofuna nsalu ya pa tebulo anapeza kabotolo kaja ka kyutekisi pansi pa sutikesi, katauma gwa, kaburashi katamatirira m'kati. Anakagwira kanthawi n'kukabweza pamalo pake. Anadzifunsa ngati mtanda wa mukwa ungalowe pa kanjira kawo kopapatiza, ndipo anaganiza kuti amuna anayi akhoza kuunyamula kuchokera pa msewu waukulu.

Chansa anafika Lachinayi dzuwa lili pamutu, nsapato zili m'manja, miyendo ili matope mpaka m'akakolo.

"Mulamu, imwe mukhala mu nyanja. Ba minibasi banisiya kutali, ati kuno kufunika bwato."

"Tinazolowera. Tsiku lina tizamera mapiko ya nsomba."

Felistus anamupatsa madzi otsukira mapazi ndi mpando wabwino, umene unali pafupi ndi mzati. Anamuphikira nkhuku. Anakambirana za Luse, za mtengo wa makala, za denga la tchalitchi cha ku Chilenje. Chansa ankadya pang'onopang'ono, maso ali m'mbale, ngati munthu amene akufuna kuti chakudya chisathe msanga.

Atasamba m'manja anati, "Ba Kapembwa bagula ka lole kao. Kakale, koma kayenda. Bazayamba kunyamula vinthu pa boda."

"Ni nkhani yabwino."

"Manje kalibe jeke. Ati yao ya bamalume ili kuno. Ine niyenda ku Chililabombwe pa Chiweru, kuli ka mwambo ka mwana, ndiye banituma kuti nibatengere."

Mawu akuti mwana anatuluka okha, ndipo Chansa anawatsatira ndi maso ngati mbale imene yapulumuka m'manja. Felistus anasonkhanitsa mafupa a nkhuku m'mbale imodzi. Anawasanja bwinobwino, aakulu pansi, aang'ono pamwamba.

"Banakamba chinanso?"

Chansa anaganiza, ndipo zinaoneka kuti akufunadi kupeza kanthu.

"Ati musaiwale handulo."

Kunja mwana wa munthu wina ankalira, ndipo wina ankatunga madzi pabwalo ndi chidebe n'kumawakhuthulira mu ngalande yodzaza kale.

"Banakuuzani kuti ili pati?" Felistus anafunsa.

"Ati iyenera kuti ili pansi pa bedi, olo kuseri kwa kabati."

Felistus anadzuka, anagwada pafupi ndi mapazi a mlamu wake, n'kumasula chitenge. Chansa anayang'ana jeke, anakweza maso kutsatira mzati mpaka pa mtanda wong'aluka, n'kuwatsitsanso. Anasuntha mpando wake pang'ono.

"Ndiye iyi ndiye igwira denga?"

"Zaka zinayi."

"Baiwala," Chansa ananena motsitsa mawu. "Mulamu, zoona baiwala. Sibangatume so ngati bakumbukira."

Ankanena pofuna kuchepetsa mlandu wa mchimwene wake, ndipo sanadziwe kuti akuukulitsa. Akanakhala kuti Kapembwa waitanitsa jekeyo mwankhanza, akudziwa chimene yanyamula, Felistus akanakhala ndi munthu wokangana naye. Koma munthuyo anali atangoiwala. Lamlungu lija, kyutekisi, dzanja pamwamba pa dzanja, zonse zinali zitatsala ndi munthu mmodzi.

"Nizabauza kuti sininaipeze," anatero Chansa. "Bagule ina. Majeke yazala mu mashopu."

"Awe. Ni yao. Pitirani kuno pa Chiweru m'mawa, muzaipeza."

Lachisanu Felistus sanapite ku msika. Anapita kwa Ba Hillary, owotcherera zitsulo, amene anali ndi kashedi kawo kuseri kwa chigayo. Anali bambo wachikulire, wochepa mawu, wa maso ofiira chifukwa cha moto wa ntchito yawo. Sanafunse chimene chasintha. Anangotenga tepi yoyezera n'kumutsatira.

Pofika masana anali atabwera ndi paipi yachitsulo yokhala ndi mbale zafulati kumapeto konse, ndi chitsulo china chachitali chogoneka pansi pa mtanda kuti mng'alu usapitirire. Anakumba simenti pafupi ndi jeke mpaka anapeza thanthwe, kuti paipiyo isadzamire. Ba Betty anabwera kudzagwirizira, atanena kuti maliro a amuna a mnzako sungawaphonye.

Ataimika paipi, inakana kulowa. Inatalika ndi theka la chala.

"Mwalakwitsa kuyeza, Ba Hillary," anatero Ba Betty.

"Sininalakwitse. Ifunika kulowa yothina. Amake Luse, kwezani jeke pang'ono, mtanda unyamuke."

Felistus anagwira handulo, koma sanakoke.

"Siningapitirire pofiira. Sikuluwu izachoka."

"Ndani anakamba?"

"Bene bake."

Ba Hillary anagwada movutikira, maondo akulira. Anayeza thupi la jeke ndi tepi, anayezanso sikuluwu imene inali kunja, n'kuwerenga mizere ndi chikhadabo chakuda.

"Majeke aya niyaziba. Mukati mwasala mizere isanu na umozi, kapena kupitirira. Munthu wa malole saika chizindikiro pothera penipeni. Asiyako malo, kuti olo munthu alakwitse, asafe." Anadzuka akugwira mzati. "Banakusungani, amake Luse. Apo pokha banaganiza bwino."

Felistus anayang'ana mzere wofiira uja. Masiku atatu apitawo ankauona ngati khoma, ndipo tsopano ankauzidwa kuti kuseri kwake kuli malo. Mizere isanu ndi umodzi. Pa mapukusidwe ake, zimenezo zinali mvula ziwiri, mwina zitatu ngati madzi sachuluka. Akanatha kuuza Ba Hillary kuti abwerere ndi paipi yawo, n'kuuza Chansa kuti akanene kuti jeke sinapezeke, n'kumangiriranso chitenge. Palibe akanamudzudzula. Ndipo Kapembwa, tsiku lina atakumbukira, mwina akanabwera yekha kudzaifuna.

Ba Betty, amene ankawerenga nkhope ya mnzawo ngati chikwangwani cha minibasi, anati, "Wamva? Bakupatsa zaka zina ziwiri za mahala, zaulere. Uzazitenga?"

Felistus anapukuta manja pa chitenge chimene anavala. Anakoka handulo. Mzere wofiira unazungulira n'kukwera, ndipo pansi pake panatuluka mzere wina, wakuda, wonyezimira ndi girisi amene Kapembwa anapaka ndi chala chake. Malata analira. Denga silinagwe.

"Basi," anatero Ba Hillary. Anamenya paipi ndi hamala kawiri, inalowa n'kuima chilili. "Manje tsitsani."

Felistus analowetsa handulo m'bowo lina n'kukoka. Mtanda unanyamukanso, paipi n'kugwedera.

"Mukukweza, amake Luse. Bwezani kumbuyo."

Anayang'ana manja ake. Zaka zinayi anali asanapukusepo mbali inayo, ndipo manjawo ankadziwa njira imodzi yokha. Ba Betty anatsegula pakamwa kuti aseke, koma anatsekanso. Felistus anasintha kagwiridwe, n'kukankha m'malo mokoka. Poyamba handulo inalimba. Kenako mtanda unakhazikika pa chitsulo chatsopano ndi kaphokoso kamodzi, ndipo handulo inapepuka mwadzidzidzi, moti anatsala pang'ono kugwa chafufumimba. Mzati wa bulugamu unapendekeka, Ba Hillary n'kuulandira.

Anapitiriza kupukusa ngakhale panalibenso chifukwa. Mzere wofiira unalowa m'kati, kenako wa chaka chatha, wa chaka chimene Luse anapita ku Chipata, wa chaka chimene madzi anafika m'mawondo n'kuwononga kabati. Zimene anakweza m'zaka zinayi zinatsika madzi a tiyi asanawire.

Loweruka m'mawa Chansa anafika ndi thumba la ufa lopanda kanthu, atasiya takisi pa msewu waukulu. Anapeza jeke ili pakhonde, yotsukidwa ndi palafini, yopakidwa girisi watsopano, handulo itamangiriridwa pambali ndi waya. Koma sikuluwu inali itatuluka, yaitali ngati khosi la nkhuku yomwa madzi. Felistus anali ataipukusanso m'mawa umenewo, ilibe chonyamula, mpaka mzere wofiira unaonekera.

Chansa anayesa kuilowetsa m'thumba, mutu wake unatsala kunja.

"Mulamu, tiitsitse. Siizakwana, na mu basi izavuta."

"Musaitsitse."

"Nanga nikafika nikambe chani?"

"Musakambe chilichonse. Mubapatse chabe mwamene ilili. Ngati bazafunsa, mubauze kuti handulo sininaiwale."

Chansa anayang'ana mzere uja. Sanadziwe tanthauzo lake, koma anaona kuti lilipo, ndipo sanafunse. Anamanga thumba m'khosi mwa jeke, mutu ndi mzere wofiira zili kunja. Anaikweza pa wilibala ya Ba Betty, ndipo azimayi atatuwo anasinthana kukankha m'matope mpaka pa msewu. Woyendetsa takisi anadandaula kuti girisi adetsa mpando, ndiye anaiika m'buti, itagona chammbali.

Pobwerera Ba Betty anakankha wilibala yopanda kanthu.

"Uganiza azakumbukira akaiona?"

"Kaya."

"Nanga akakumbukira?"

"Denga lili na paipi, Ba Betty."

Anasiyana pa mpanda. Felistus anafika pakhomo pake, anatembenuza kiyi, ndipo mwachizolowezi anagunda chitseko ndi phewa. Chinatseguka chonse mosavuta n'kukamenya khoma, iye n'kulowa m'nyumba mopepesuka ngati woledzera. Anaima pakati pa chipinda akugwira phewa lake. Pa simenti panali patatsala mkwasa wopindika umene chitseko chinakhula zaka zonsezo, ndi buloko ija, itamira theka, pamwamba pake pali chizindikiro chozungulira cha dzimbiri.

Chitenge chamaluwa chinali pa mpando. Anachitenga, anachinunkhiza, chinali chikadamveka girisi. Anachipinda kanayi n'kuyamba kupita nacho ku sutikesi kumene kunali kabotolo kaja. Ali pakhomo la kuchipinda anaima, anabwerera, n'kuchiponya m'beseni la zochapa. Kenako anasenza chikwama cha salaula, chifukwa Loweruka ndi tsiku la malonda, ndipo anali atachedwa kale.